Achemwali Akubwera pa Sitima ya Chingwe

Mount Druitt, Sydney
21 Januwale 2022

Achimwene a Manase,

Moni ngati muli moyo. Ndayamba choncho chifukwa sindikudziwa, ndipo kuno palibe akudziwa. Chiphulikireni phiri lija m'nyanja ndakhala ndikuimba foni yanu, ya alamu a Fololeni, ya abusa, ngakhale ya mkulu wa pagolosale uja amene sitilankhulana. Zonse zii. Pa kanema akungotionetsa zithunzi zojambula ali m'ndege, zilumba zonse za kwathu ku Ha'apai mbuu. Ndimasuzumira kuti mwina ndione denga lathu, koma ndani angazindikire denga lake pansi pa phulusa.

Kalatayi ndaiika mu mgolo umene mpingo wathu ukutumiza, pansi pa thumba la mpunga. Muli madzi, mabatire, sopo ndi nsalu zotseka pakamwa. Dzina lanu ndalilemba mbali zonse za mgolowo kuti wina asanamizire kuti sanalione.

Akuti chingwe cha pansi pa nyanja chaduka, n'chifukwa chake mafoni afa. Nditamva zimenezi mtima unandiwawa kawiri, poti ine ndimadyera ntchito yomweyi. Mumandifunsa kawirikawiri kuti ndimachita chiyani kwenikweni, ine n'kumangoti zingwe za galasi. Lero ndikufotokozerani, ndilibe wina wolankhula naye. Kampani yathu imasungira zipatala zithunzi za m'thupi ndi mbiri za odwala. Zonsezo zimakhala m'makina aataliatali ngati makabati, amene ine ndimawatchula nkhokwe. Nkhokwezi tikuzisamutsa kuchoka ku nyumba yakale ya m'tauni kupita ku yatsopano kumadzulo kwa mzinda, ndipo wojambula mmene zingwe ziyendere ndine. Lamulo loyamba la ntchitoyi ndi lakuti nkhokwe iliyonse ikhale ndi njira ziwiri, ya A ndi ya B, zosakumana paliponse. Iliyonse paipi yake, khomo lake lolowera m'nyumba, makina ake olumikizira. Ina ikaduka, dokotala amene akuona chithunzi cha wodwala asadziwe n'komwe. Tsiku lonse ndimakhala ndikukangana ndi anthu za njira yachiwiri, pamene kwathu kuli njira imodzi yokha, ndipo yaduka.

Ndikanatha ndikanabwera lero. Koma mukudziwa kuti malire a kwathu ndi otseka chiyambireni mliri, ndipo chiphaso changa chokhalira kuno n'chomangirira ku kampaniyi. Cha muyaya ndinapempha kalekale, akuti ndidikire. Ndimangoyenda kuchoka kunyumba kupita ku chipinda chozizira chopanda windo, n'kubwerera, foni ili m'manja.

Mukalandira iyi mundiyankhe, ngakhale mzere umodzi.

Mlongo wanu,
Losaline

Ha'apai
3 Febuluwale 2022

Achemwali,

Landirani moni wochokera kwa ine mlongo wanu wamng'ono ndi kwa alamu anu. Tili moyo tonse. Ndikudziwa kuti mtima wanu uli m'mwamba, ndiye ndayambira pamenepo. Kuchokera kwa inu sitinamve kanthu, koma tikudziwa kuti vuto ndi njira, si inu.

Za tsiku lija ndidzakusimbirani pakamwa. Kungoti kunagunda mpaka makutu anatseka, kenaka kunada dzuwa lisanalowe, timiyala n'kumagwa padenga ngati wina akutikhuthulira. Mafunde anatenga bwato la anzanga a Penisimani ndi khitchini ya kutchalitchi. Nyumba yathu ilipo, koma thanki ladzaza phulusa, ndiye tikumwa madzi a kokonati. Nkhumba nazo zatuwa, moti yanga ndi ya aneba tikuzisiyanitsa ndi kalilidwe.

Tsopano nkhani yeniyeni. Pa wailesi anena kuti kukubwera sitima yodzalumikiza chingwe chija, ndipo m'sitimamo muli akatswiri a zingwe za galasi. Nditangomva ndinawauza alamu anu kuti basi, achemwali akubwera. Madzulo ake ndinapita kumene amuna amamwera kava, chakumwa chathu cha mizu chija, ndinawauza onse. A Penisimani, poti mtima ukuwawabe ndi bwato lawo, anati ntchito yanu ndi ya mu ofesi, munthu wa mu ofesi sakwera sitima. Ndinawafunsa kuti kodi iwo ali ndi mlongo angati amene amadziwa kuyendetsa kuwala m'kati mwa galasi. Anthu anaseka. Panopa mudzi wonse ukudziwa, ndipo abusa anakupemphererani Lamulungu kuti nyanja ikhale bata.

Nkhumba yaikulu ija ndaipatula, sindikulola munthu kuiyang'ana kawiri. Chilazi chachikulu cha kumunda wa kumtunda ndaletsa kukumba.

Ine ndili bwino. Kungoti masiku ano kunyanja sindikupitako, ndikupumulako pang'ono. Ulesi wa ukalamba wandipeza msanga.

Kalatayi ndapatsira munthu wopita kulikulu ku Nuku'alofa kuti akaisiye kwa msuweni wathu Sitani, iye adzaona mochitira. Ngati ikupezani musananyamuke, pempho langa ndi limodzi. Mukamaliza kulumikiza chingwecho musachedwe ku Nuku'alofa. Abale a kumeneko mudzawaona pobwerera. Mukwere sitima yoyamba yobwera kuno. Musachedwe, achemwali.

Ine mlongo wanu,
Manase

Ha'apai
12 Febuluwale 2022

Alamu,

Moni. Mundikhululukire polemba amuna anga asakudziwa, ndiponso polankhula zimene sindiyenera kulankhula kwa inu. Ndalingalira mpaka mutu kuwawa, ndaona kuti bola mundikwiyire.

Achimwene anu akudwala, ndipo si matenda a masewera. Zinayamba chaka chatha. Akapita kokataya madzi kumatuluka magazi. Namwino wa kutauni ya Pangai anawaona mu Disembala, anati m'chikhodzodzo muli chotupa, apite msanga ku chipatala chachikulu ku Nuku'alofa. Iwo anati ayambe adya Khirisimasi. Kenaka phiri lija. Tsopano mliri walowa m'dziko, sitima za pazilumba aziimitsa, aliyense akhale pomwe ali. Aonda, alamu. Ta'ovala yawo ya kutchalitchi, mphasa ya m'chiuno ija, ndikuimanga mozungulira kawiri. Ululu ukawagwira amaluma nsalu kuti aneba asamve.

Ndinawapempha kuti akulembereni zoona. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati kodi unaonapo kuti mwamuna akuuza mlongo wake za kumunsi kwa lamba. Mwambo wathu mukuudziwa kuposa ine. Munthu amene sanakhalepo nanu chipinda chimodzi chikulireni, amene nthabwala yolaula ikayamba inu muli pomwepo amadzuka n'kuchoka, sangalembe mawu amenewa. Akhoza kufa osawalemba.

Ndiye nkhani ya sitima ija musaiseke. Ndikuganiza kuti mumtima mwawo akudziwa kuti simuli m'sitimamo. Koma wamng'ono sangalamule mlongo wake wamkulu kuti bwerani, ndipo chifukwa chake sangachitchule. Sitima ija ndi pakamwa pokhapo pamene apeza.

Sindikudziwa kuti kalatayi ichoka liti pachilumba pano. Ndaisiya kudoko kwa mkulu wolandira katundu.

Mulamu wanu,
Fololeni

Mount Druitt, Sydney
26 Febuluwale 2022

Achimwene,

Moni. Chingwe chija achilumikiza sabata ino, ndipo Sitani wanditumizira chithunzi cha kalata yanu pafoni. Ndinali m'chipinda cha makina. Nditawerenga kuti muli moyo tonse ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, mpaka mlonda anabwera kudzafunsa ngati ndagwidwa ndi magetsi. Mulungu ngwabwino. Akuti foni za kwanu zichedwabe, ndiye iyi ndatumiza kwa Sitani kuti aisindikize n'kuikweza sitima.

Ndathokoza, tsopano ndikalipe.

Koma inu achimwene, mwandiyalutsa. Mkazi wa Sitani sanasunge pakamwa, nkhani ya sitima yafika kale kuno. Lachitatu ku kwaya amayi ena anandifunsa ngati ndachira chizungulire cha panyanja. Wina anati ndiwaonetse zovala zanga zomirira. Ndinaseka nawo, koma nkhope inali ikuyaka. Ine ndi sitima wapi ndi wapi? Ngakhale kusambira kwenikweni mumadziwa kuti sindinakuphunzire. Zingwe zanga ndi za m'nyumba ndi za pansi pa msewu. Munthu wamkulu ngati inu kukhala pa kava n'kumakoka nkhani imene simukuidziwa, mpaka abusa kupempherera bodza. A Penisimani ananena zoona, mukawapepese.

Mukuona ngati kuno ndikungokhala. Imvani zimene ndili nazo. Njira ziwiri zija, ya A ndi ya B, papepala zinali bwinobwino, ina yofiira yodzera kumpoto kwa nyumba yatsopano, ina yabuluu yodzera kummwera. Amene anatiyalira zingwe za panja anasayina kuti sizikumana. Ine mtima unakana. Ndinavala nsapato zajombo n'kuyenda wapansi kutsata msewu, kutsegulitsa dzenje lililonse. Pafupi ndi mlatho wa njanji ndinapeza zonse ziwiri zagona m'dzenje limodzi, zopiringizana ngati ana amapasa. Anaona kuti kuboola pansi pa njanji kawiri n'kovuta, ndiye anangozilowetsa paipi imodzi. Munthu mmodzi wokumba ngalande atalakwitsa pamenepo, zipatala zonse zimene timazisungira zikhoza kukhala m'mdima nthawi imodzi.

Ndinapita nacho chithunzi kwa abwana anga, a Kerrigan. Anachiyang'ana, kenaka anati, "Losaline, ukanapanda kutsegula dzenjelo bwenzi tonse tikugona tulo." Ndinawayankha kuti dzenjelo sindinakumbe ndine. Anavomera, si munthu woipa, koma tsiku losamutsa nkhokwe analikhazikitsa kale ndi zipatala, ndi mu Epulo, ndipo silisuntha. Ndiye njira ya B tiyenera kuijambulanso, kupempha chilolezo cha kukumba, kukoka chingwe chatsopano, n'kuyeza ulusi uliwonse wa galasi wa m'chingwemo paokha. Ulusiwo ndi wosachedwa kunyanyala. Ukaupinda kwambiri kuwala kumathawa. Kansonga kake kakagwidwa ndi kafumbi kamene diso silingaone, nkhokwe imayamba kutsokomola, ndiye kansonga kalikonse timakapukuta n'kukaunika tisanakalowetse, ndipo tilipo tambirimbiri. Alengeza kuti palibe wopita kutchuthi mpaka ntchito ithe. Ine makamaka, poti mapu onse ali m'mutu mwanga ndipo chiphaso changa chili m'manja mwawo.

Ndiye nkhumba yanuyo idyeni, kapena isiyeni ikule. Chaka chino musandiyembekezere.

Mwati mukupumula chifukwa cha ulesi. Pamenepo pokha mwanena zoona. Phulusa lili padenga, thanki ndi lakuda, inu muli pa kava. Alamu azichita zonse okha? Dzukani, achimwene. Bambo athu pa msinkhu wanuwo ankapalasa bwato mpaka ku Pangai.

Mupereke moni kwa alamu.

Losaline

Ha'apai
13 Malichi 2022

Achemwali,

Moni. Sitima ya pazilumba yayambanso kuyenda, ndipo yabweretsa mgolo ndi makalata anu onse awiri tsiku limodzi. Zikomo kwambiri chifukwa cha katundu. Mpunga tagawana ndi a Penisimani.

Ndamva kukalipa kwanu ndipo ndakulandira. Ndinalakwa kukuchititsani manyazi pakati pa anthu. A Penisimani ndawapepesa, anabwera okha kunyumba kuno poti ine sindinapiteko ku kava masiku amenewa. Denga alikolopa anyamata a kutchalitchi.

Nkhani ya dzenje ija ndaiwerenga katatu. Ndinawawerengeranso a Penisimani, ndipo anati mlongo wakoyu ndi mwamuna. Anthu oyala zingwe aja anachita ngati munthu womanga mabwato awiri pa chikhomo chimodzi. Mukumbe njira yachiwiriyo bwinobwino, achemwali. Odwala a m'zipatalazo ali ndi abale awo amene akuwadikira. Musaisiye pakati chifukwa cha zolankhula zanga.

Nkhumba sindidya. Idikira.

Ndalemba mwachidule, dzanja likuchita ulesi.

Manase

Mount Druitt, Sydney
21 Malichi 2022

Alamu a Fololeni,

Moni. Kalata yanu ya mu Febuluwale yandipeza dzulo, pamodzi ndi ya achimwene yopepesa. Sitani anazitumiza zonse nthawi imodzi, ndipo tsoka lake ndinayamba kuwerenga yawo. Kenaka ndinafika pa yanu.

Ndinawatcha aulesi, alamu. Ndinawauza kuti adzuke akakolope denga. Inu munali pomwepo akuwerenga zimenezo. Ndakwiya nanu chifukwa chosandiuza mu Disembala foni zikugwira, ndakwiya ndi sitima, ndakwiya ndi mwambo umene umalola munthu kuuza mudzi wonse bodza koma osauza mlongo wake zoona. Koma woyamba kumukwiyira ndi ine. Analemba kawiri kuti musachedwe, ine n'kumawerenga za nkhumba.

Lero m'mawa ndinalowa mu ofesi ya a Kerrigan osagogoda. Ndinawauza zonse, ngakhale dzina la matendawo, poti kwa mzungu pakamwa sipalemera. Anandimvera, anati apepesa kwambiri. Kenaka tinaimbira ku ofesi yoona za ndege zobweza anthu kwathu. Ndege wamba kulibe, pali mndandanda basi, ndipo ukafika umayamba wakhala m'mbindikiro usanaone munthu. Poti nkhani ndi ya matenda, anandipatsa mwayi wosankha. Pali ndege ya kumayambiriro kwa Epulo, pali ina ya kumapeto kwake. Kusamutsa nkhokwe kuli pakati pa ziwirizi.

A Kerrigan sanandiletse. Anati, "Ukafuna yoyambayo pita, sindikugwira. Koma njira ya B sinathe, ndipo akuluakulu adzaika munthu wina pamalo pako sabata yomweyo. Malo akapita, chiphaso chapita. Ukatsala mpaka tisamutse, ndidzakusungira mpando ngakhale miyezi itatu, ndikulonjeza."

Ndinatuluka n'kukaima m'kanjira ka pakati pa makina, mphepo yozizira ikundiomba m'miyendo. Zaka zonse ndakhala kuno zili pa chiphaso chimenechi. Komanso ndikachoka lero, zipatala zisamukira pa chingwe chimodzi, ndipo amene angabwere sadziwa kuti ndi maenje ati amene ndinatsegula ndi ati amene sindinafike. Achimwene nawo alemba okha kuti ndisaisiye pakati, ngakhale ndikudziwa tsopano kuti munthu ameneyu salemba zimene akufuna. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ntchito yanga yonse ndi yokonza mapanga awiri, ndiye mwina n'chifukwa chake ndikukhulupirira kuti zitheka.

Ndikanakonda kukufunsani ngati afika kumapeto kwa Epulo, koma yankho akulifuna mawa, ndipo kalata yanu ingatenge mwezi. Ndasankha yachiwiri. Ndikuopa, alamu, sindikubisirani.

Poti sitima yayamba kuyenda, muwakweze apite ku chipatala chachikulu, akane asakane. Muwauze kuti ndalamula ine, mlongo wawo wamkulu, sangakane. Chifukwa chake musatchule kuti ndikuchidziwa. Sitani akulandirani kudoko.

Losaline

Mount Druitt, Sydney
11 Epulo 2022

Achimwene,

Moni. Sitani wandiuza kuti mwafika ku Nuku'alofa ndipo mukupumulira kumeneko. Mwachita bwino kumvera. Ndinaimba kawiri, alamu anati muli m'tulo, ndiye ndalemba kuti akuwerengereni mukadzuka.

Nkhokwe tasamutsa. Njira ya B inatha kutatsala masiku owerengeka, yodzera kutali ndi njanji, dzenje lakelake. Loweruka tinayamba ndi kusamutsa ya B, zipatala zikuyenda pa A. Itakhazikika tinasamutsa ya A. Pamapeto ndinachita chimene ndimachita nthawi zonse, chimene a Kerrigan amatseka nacho maso. Ndinagwira chingwe cha A ndi dzanja langa n'kuchizula dala, makina ali pa ntchito. Tonse tinayang'ana pa kompyuta. Palibe chinagwedezeka. Tinaimbira chipatala china kufunsa ngati aona vuto, mayi wa kumeneko anati vuto lanji. Ndiye malipiro a ntchito yathu amenewo, kuti munthu afunse kuti vuto lanji.

Mawu aja ndinalemba mu Febuluwale, a denga ndi a bambo athu, ndawabweza. Sindinayenere. Simunakhalepo waulesi chibadwireni, ndipo ndikudziwa amene ankasenza mtolo wanga wa kokonati tikuchokera kumunda, ngakhale wamkulu ndinali ine.

Ndikubwera. Osati pa sitima, pa ndege, kumapeto kwa mwezi uno. Mukawauze a Penisimani kuti munalakwitsa chokwera chokha. Mupumule ndithu, koma mundidikire. Limeneli ndi lamulo.

Mlongo wanu,
Losaline

Nuku'alofa
3 Meyi 2022

Alamu,

Ndakuimbirani m'mawa uja koma tonse awiri mawu anatikanika, ndiye ndalemba. Kalatayi ndaiika m'dengu la chakudya limene Sitani akasiye kwa asilikali a pageti la hotela imene akubindikiritsani. Akuti zolowa amalola, zotuluka ayi.

Achimwene anu atisiya kutangocha. Sanavutike kwambiri pomaliza, mankhwala anawagwira.

Ndikufuna mudziwe kuti ankadziwa kuti mwafika. Tsiku limene ndege yanu inatera anali akulankhulabe. Anamva kulira kwake kudzera pawindo la chipatala, anandifunsa ngati ndi imeneyo, ndinati ndi imeneyo. Anati ndiwamete ndevu. Ndinawauza kuti akutsekerani kaye m'mbindikiro, anati palibe kanthu, munthu akafika pakhomo wafika. Dzulo pamene ndinaika foni pakhutu pawo inu mukulankhula, maso anali otseka koma chala chinkagwedera. Namwino akuti amamva.

Ndinapita ndekha kwa akuluakulu a zaumoyo kukapempha kuti akutulutseni ngakhale ola limodzi, muvale zonse zimene amavala madokotala. Anandilandira mwaulemu, anati akakulolani inu ndiye kuti alola ndege yonse. 

Thupi sitingalisunge mpaka mutuluke. Sitima ya ku Ha'apai inyamuka mawa masana, ndipo ikapita imeneyi ina sitikudziwa. Iwo ananena kuti akagone kwawo pafupi ndi bambo. Ndagwirizana ndi woyendetsa galimoto kuti popita kudoko tidzere msewu wa kuhotela kwanu. Sitani akuti windo lanu ndi la m'mwamba, loyang'ana kumsewu. Mukhale pomwepo dzuwa likamafika pamutu.

Pali funso limene akuluakulu a kumudzi anditumizira. Pamaliro, kumutu kwa malemu kumakhala mlongo wake wamkulu, ndipo mphasa zabwino ndi nsalu za makungwa zimene anthu abweretse zimaperekedwa kwa iye. Malowo ndi anu. Poti simudzakhalapo, akuti mwina pakhale mwana wa azakhali anu a ku Pangai. Sangachite popanda mawu anu. Mundiyankhe tisanakwere.

Fololeni

Nuku'alofa, m'mbindikiro
4 Meyi 2022

Alamu,

Pepala silingatuluke muno, ndiye ndalemba n'kujambula, Sitani akuonetsani pafoni musanakwere sitima.

Zikomo poimitsa galimoto. Ndinakuonani mutatsika, mutavala zakuda ndi mphasa yaikulu yong'ambika ija ya maliro, tsitsi lili nyankhalala. Ndinaona mutakweza nsalu kuti ndione bokosi. Ndi lalifupi, alamu. Sindinadziwe kuti munthu wamtali uja angakwane m'bokosi lotero. Windo la muno amalikhoma kuti lisatseguke kupitirira chikhatho, ndiye ndinatulutsa dzanja lokha. Kaya munaliona. Ndinaitana dzina lawo, dzina lenileni, limene sindinawaitanepo mokweza chikulireni. Msilikali wa pageti anavula chipewa, sanakuthamangitseni mpaka galimoto za m'mbuyo zitayamba kuliza mahutala.

Anthu a ndege yoyamba ija anatuluka muno kalekale, ali kwawo. Ndikanakwera imeneyo bwenzi nditakhala nawo milungu iwiri, mwina kuposa. Ndawerengera zimenezi mpaka ndatopa, ndipo musandiuze kuti ndi chifuniro cha Mulungu, ndinasankha ndine. A Kerrigan atumiza uthenga wopepesa, akuti makina akuyenda bwino ndipo mpando wanga ulipo. Sindinawayankhe. Chakudya chimene munatumiza chili pakhomo pomwe anachisiya.

Nkhumba ija muiphe, anthu adye. Chilazi chija mukumbe. A Penisimani ndi amene alankhule kumanda m'malo mwa amzawo a pa kava, ndipo akafuna kusimba za sitima asimbe, anthu aseke, ine sindidandaula. Mphasa ndi nsalu zonse zimene zikanabwera kwa ine zikhale zanu. Akuluakulu akatsutsa muwauze kuti mwini wake wanena.

Za kumutu, yankho langa ndi ili. Mwana wa azakhali ndimamulemekeza, koma ayi. Munthu uja anandidikira kuyambira Januwale osatha kunena chifukwa chake. Musamuikire wina kuti aoneke ngati ndabwera. Muyale mphasa kumutu kwake, ndipo pasakhale munthu.

Ndikatuluka muno ndikwera sitima yoyamba.

Losaline